Mmisiri wa M'disiketi

Chaka chimene tinabwerera kwathu, 1994, palibe amene anawoloka malire a Mandimba chimanjamanja. Ena anasenza malata, ena mbuzi, ena makina osokera, koma ambiri anasenza zitseko. Munthu wakhala zaka zisanu ndi zitatu mumsasa ku Malawi, nyumba yadothi sangaisenze, ndiye ankangozula chitseko n'kuchikweza pa lole. Akafika kwawo n'kuumba nyumba ina, chitseko chija chinkakana kulowa, pena chatalika, pena chanenepa, moti m'midzi ya m'mbali mwa msewu munkangomveka macheka. Ine Lígia, mwana wa a Isaías a kunjanji, ndinkawaseka chamumtima. Katundu wanga anali madisiketi asanu a kompyuta okulunga m'mpango, ndipo pa lole yonseyo ndinkadziona kuti wochenjera ndine.

Ku Blantyre ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lofunafuna makolo a ana amene anasochera pankhondo. Ndinayamba ndi kutayipa mayina, kenako chidwi chinandikoka mpaka ndinaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Pulogalamu imene bungwelo linali nayo inkafufuza ndi dzina basi. Koma mwana amene wasochera ali ndi zaka zinayi kapena zisanu dzina la bambo ake salidziwa, ndipo anthu amene amutola amam'patsa dzina lawo. Chimene mwana amasunga ndi tinthu tachabechabe: chitsime chokhala ndi chule, njinga yopanda unyolo, mtengo umene anagwamo. Alembi ankazilemba zimenezi m'munsi mwa khadi lililonse, zinkalowanso m'kompyuta, koma pulogalamu sinkaziwerenga. Ine ndinalemba mbali yatsopano yoti iziyerekeza zimene mwana akukumbukira ndi zimene kholo likukumbukira. Ku Blantyre inayenda bwino lomwe, ndipo anandituma kuti ndikaimange pa makina a kwathu ku Cuamba, amene anali ndi makadi a ana a kuno pamodzi ndi a makolo a m'misasa.

Pa lolepo ndinakhala pafupi ndi mayi ena aafupi, ovala mpango woyera, atakhalira chitseko chawo chobiriwira. Anati dzina lawo ndi Mwanahawa, kwawo ku Mitande.

"Mwanangu, m'mpangomo muli mazira?" anandifunsa. "Kuchokera ku Chiponde mukungosisita."

"Muli ntchito, mayi. Ya kompyuta, yofunira ana otayika."

Anamasula kathumba m'chiuno n'kutulutsa kadiresi kachikasu, katsopano, ka mabatani atatu kumsana.

"Aka n'ka Esha wanga. Tinasiyana ku Mitande mu 86, tsiku limene tinathawa. Anali ndi zaka zisanu. Kumsasa ndinalembetsa, anandifunsa zambirimbiri, mpaka za mbuzi."

"Mbuzi?"

"Tinali ndi mbuzi ya miyendo itatu, winawo unadukira pamsampha. Masana Esha ankagona ataitsamira. Mlembi uja anaseka, koma analemba."

Ndinakayamikira kadiresiko, nsalu yake inali yabwino. Ndipo popeza pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndinawalonjeza kuti ngati mwanayo analembedwa penapake, makina anga amupeza tsiku limodzi.

A Mwanahawa sanatsike ku Mitande, tinalowa limodzi mu Cuamba Lolemba. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mapiri aja amiyala akuoneka ngati akuyandama pamwamba pa fumbi. Ku ofesi anandiuza kuti ana pafupifupi mazana atatu, ochokera ku Itepela, ku Mitande ndi madera ena, anawasonkhanitsa m'nyumba yakale yosungiramo thonje. Amene sadzapeza abale pofika Loweruka adzakwera sitima ya ku Nampula, kumene akawagawa m'malo osiyanasiyana. Akangomwazika choncho, kuwapezanso n'kwa mwayi. Lachiwiri m'mawa a Mwanahawa anapita kunyumba ya thonje ija, anayenda mzere ndi mzere, n'kubwerako ndi mawu amodzi akuti mulibe. Anagoneka chitseko chawo pakhonde la ofesi, anayalapo chitenje, nati adikira kuti makina anene kumene mwana ali.

Bambo anga ndinawapeza ataonda, koma yunifolomu ya kunjanji ankaisitabe. Iwo sanathawe nkhondo. Anatumiza ine ndekha ku Malawi, iwo n'kutsala ndi amayi, ndipo amayi anamwalira mu 89 ine kulibe. Ntchito anapuma kale, komabe m'mawa uliwonse ankapukusa wotchi yawo yam'thumba n'kupita kusiteshoni kukaimirira, kaya kukubwera sitima kaya ayi. Pa tiyi ankatulutsa makapu awiri, ndipo tsiku loyamba ndinaganiza kuti inayo ndi yanga, mpaka ndinawaona akukatenga yachitatu. Yachiwiri ija inali ya amayi, ndipo zinandipweteka.

Tsono za ntchito. Anthu amaganiza kuti pulogalamu imanyamulidwa yomangamanga, ngati wailesi. Ayi. Makina a ku Blantyre ankayendera Unix, a ku Cuamba ankayendera DOS, ndipo awiriwa samvana, chomangidwa pa awa sichiyenda pa awo. Chimene umanyamula ndi zolemba zake, ine ndinali ndi mafayilo makumi anayi ndi imodzi, kuphatikiza kapulogalamu kotchedwa make, kamene kamawerenga malangizo ako n'kumanga pulogalamuyo pamakina amene wafikirapo. Ine ndinkakatcha mmisiri. Mmisiri ameneyu ali ndi ulesi wanzeru: samanga zonse nthawi iliyonse. Amayang'ana tsiku limene fayilo inalembedwa, ndi tsiku limene pulogalamu inamangidwa. Ngati zolemba ndi zatsopano, amamanga. Ngati ndi zakale, amati nyumba ilipo kale, n'kukhala pansi.

Magetsi ku ofesi anali a jenereta, ndipo a Rajabo oyang'anira jeneretayo ankaliza 2 koloko masana n'kuzimitsa 5 koloko, chifukwa mafuta anali ochepa. Pakompyutapo panali kapepala komata kolembedwa m'Chipwitikizi kuti ukayatsa, dina batani lalikulu kawiri, usavutike ndi mafunso. Ndinadina kawiri monga analembera. Safunsa anadya phula.

Mavuto anayamba pomwepo. DOS salola dzina la fayilo lopitirira zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo mayina anga a ku Blantyre anali ataliatali, odzitukumula ngati mwini wake. Ndinayamba kuwadula. Timizere tolekanitsa mayina a mafoda tinkayenera kupendekera kwina. Zizindikiro za kumapeto kwa mzere zinali zina. Ndinatsegula fayilo iliyonse, kusintha, kusunga, kutsegula ina. Pakati pa ntchitoyo ndinamva macheka kuseri kwa mpanda, munthu akudula chitseko, ndipo ndinachita manyazi ndekhandekha, poona kuti nanenso ndikucheka changa.

Lachitatu cha m'ma 4 ndinamaliza mafayilo onse. Ndinaitana a Mwanahawa kuti adzaonerere pawindo, ndinapukuta manja, n'kulamula mmisiri kuti amange. Sanatenge ndi kamphindi komwe. Analemba mzere umodzi wonena kuti zonse zili m'malo, palibe chomanga. Ndinadabwa liwiro lake, koma ndinasangalala. Nditayatsa pulogalamu, inali yakale ija, imene munthu wina anaimanga pamakinapo chaka chatha, ikufunsa funso lake limodzi lija: dzina la mwana.

"Wapezeka?" a Mwanahawa anafunsa pawindo.

"Mawa, mayi."

"Insha Allah," anatero, n'kubwerera pachitseko chawo.

Lachinayi ndinawerenga malangizo a mmisiri mzere ndi mzere, ndinasintha apa ndi apo, ndinatsegulanso mafayilo onse. Yankho linali lomwe lija. Ndinaganiza zofufuta pulogalamu yakaleyo kuti mmisiri aone kuti kulibe, koma manja anakana. Inali yokhayo yogwira ntchito mu Cuamba yense, ndipo yanga ikanakana kumangika, ofesi ikanatsala ndi makadi zikwi zinayi otsekeredwa m'bokosi lachitsulo.

Masiku amenewo nthawi ya masana, podikira jenereta, ndinkakhala pampando tulo tikundibera. Kutentha kunkachititsa malata kulira okha. Ndinkalota mmisiri uja ali munthu, bambo wovala ovolosi yoyera bwino, atakhala pansi pa mtengo wa mango, chopakira matope chili pamwendo. Kumbuyo kwake kunali nyumba yathu yakale ya kunjanji, utoto uli phuliphuli, makatani a amayi akuuluka pawindo. Ndinkamuuza kuti adzuke, ndabweretsa njerwa zatsopano. Iye ankatola njerwa imodzi, kuitembenuza, n'kunena mwaulemu kuti, "Dona, izi n'zakale. Nyumba si iyi ili apayi? Palibe chagwa." Ndikafuna kumukalipira mawu sankatuluka, chifukwa mumtima ndinkafuna kulowa m'nyumbamo. Ndinkadzidzimuka jenereta ikutsokomola, ndipo pakhonde a Mwanahawa ali kuyanika kadiresi kaja pabondo, kukawongola ndi chikhatho.

Lachisanu nkhani inafika yoti sitima inyamuka mbandakucha, choncho ana awapititsiratu kusiteshoni madzulo omwewo kuti akagone m'mabogi. Nthawi itakwana cha m'ma 4 koloko makina anazima okha, jenereta itabanika, ndipo itayambanso bambo anga analowa ndi mango awiri m'chipewa. Anati abwera kudzaona chinthu chimene chikundiwondetsa. Ndinayatsa kompyuta, ndinadina kawiri.

"Imani kaye," bambo anatero. "Chakufunsani chiyani chimenechi?"

"Palibe, Papá. Mafunso achabe."

"Mwayankha musanamve funso?"

"Papá, chonde, nthawi yanditha."

"Nthawi yake iti? Yanu kapena yake?" Anatulutsa wotchi m'thumba. "Ife kunjanji, komboyo, sitima ija, isananyamuke, woyendetsa amatsika n'kupita kwa mkulu wa siteshoni, amaika marelojo, mawotchi awo, pamodzi. Cuamba, Mitande, Itepela, onse ola limodzi. Mukasiyana, wina amadikira komboyo imene inadutsa kale. Inu mwachoka ku Blantyre ndi ola lanu. Mwafananitsa ndi la kuno?"

Ndinafuna kuwayankha mwamwano, kuti kompyuta si sitima yawo ya malasha. Koma kuti angokhala chete, ndinafunsa makinawo tsiku. Anayankha ndi zilembo zobiriwira kuti lero ndi Lachiwiri, pa 1 Januwale, 1980.

Apo ndinazindikira. Kabatire kam'kati kosunga nthawi kanali katatha, ndipo makina akazima ankaiwala zonse n'kubwerera ku tsiku loyamba limene amalidziwa. Mafunso awiri aja anali ofunsa tsiku ndi nthawi. Fayilo iliyonse imene ndinaicheka kuti ikwane pa DOS inadindidwa 1980, pamene pulogalamu yakale inali ndi chidindo cha 1993. Mmisiri sanalakwe. Kwa iye ntchito yanga yonse inali yakale ndi zaka khumi ndi zitatu. Masiku atatu manambalawo anali m'mphepete mwa galasi, ine ndikuyang'ana mayina okha.

Ndinatambasula dzanja kuti ndikonze, koma bambo anandigwira pamkono. Anali ataweramira pagalasipo, maso ali tong'o.

"Tsiku limeneli ndikulidziwa," anatero motsitsa. "Mayi anu anaphika nkhuku ya nazi. Inu munali ndi zaka zisanu ndi zinayi, munadula lamba wa sapato povina. Komboyo ya ku Lichinga inafika pa ola lake, anthu atakwera ndi nthochi mpaka padenga." Analoza pagalasipo. "Ndiye muno tsiku lililonse kumacha tsiku limeneli? Tachisiyani pang'ono, mwanangu."

Wotchi yawo inkati 4:25. Ndinkafuna kukuwa. Koma nanenso ndinali nditamva fungo la nazi, ndi phokoso la masipuni a amayi kukhitchini, ndipo ndinalira, osabisa. Tinakhala choncho awirife mu 1980, mwina mphindi imodzi, mwina ziwiri, jenereta ikung'ung'udza panja. Kenako pawindo panadutsa mthunzi wa mpango woyera.

"Papá, ndiuzeni tsiku."

Anawongoka, anakonza kolala ngati ali pantchito. "Lachisanu, pa 14 Okutobala, 1994. Ola la 16, mphindi 28."

Ndinalemba. Kenako ndinayamba kutsegula ndi kusunga mafayilo aja kachitatu kuti alandire chidindo cha lero, zala zikuterera ndi thukuta. Bambo anaona kuti nthawi sikwana, anatenga mango aja n'kupita kwa a Rajabo, ndipo ndinawamva akuyambitsa nkhani ya injini za dizilo za kale, nkhani imene kwathu timaithawa chifukwa ilibe mathero. Tsiku limenelo ndinaidalitsa.

Nditalamula, mmisiri anadzuka. Mizere inayamba kutsika pagalasi, fayilo ndi fayilo. Anaima kawiri, koyamba pa dzina limene ndinaiwala kudula, kachiwiri podandaula kuti malo okumbukira achepa, ndipo konse kuwiri ndinakonza msangamsanga. 5 koloko inadutsa, jenereta ikulirabe. Pulogalamu itayaka inali ndi funso lachiwiri, langa lija, la zimene munthu akukumbukira. Ndinalowetsa nambala ya khadi la a Mwanahawa. Makina anaganiza nthawi yaitali, kagetsi kofiira kakuphethira, kenako anatulutsa khadi limodzi lokha. Linalembedwa ku Itepela, m'boma la Ngauma. Mtsikana, wa zaka pafupifupi khumi ndi zitatu, banja limene linamutola linkamutcha Margarita. Makolo sawadziwa, mudzi saudziwa. Akukumbukira mbuzi ya miyendo itatu, yofunda pamimba. Kumene ali pano: nyumba ya thonje, Cuamba.

Ndinatuluka ndikuthamanga. A Mwanahawa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

"Mwanangu, makina anu anama. Mmene muja ndinayendamo ndekha. Mwana wanga ndingamuphonye ine?"

"Tiyeni basi, mayi. Akakhala kuti si iye, mudzanditukwane."

Tinapita atatu, bambo ali patsogolo, chifukwa kusiteshoni palibe chipata chimene chikanawakaniza. Dzuwa linali litapendeka, fumbi lasanduka lofiirira, ndipo ana anali atakhala m'mizere pambali pa mabogi, aliyense ndi kamtolo kake. Ndinapereka pepala kwa mayi owayang'anira, iwo anaitana dzina la Margarita. Kumapeto kwa mzere kunaimirira mtsikana wamtali, woonda, wa khosi lalitali, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono.

A Mwanahawa sanamuone. Anali atatulutsa kale kadiresi kachikasu, akuyenda chowerama, maso ali m'munsi, akusuzumira nkhope za tiana tating'ono timene tinabadwa iwo ali kale ku Malawi. Mtsikana uja anafika n'kuima patsogolo pawo, ndipo iwo anamulambalala monga umalambalalira mtengo, kuti aone kamwana kamene kanali kumbuyo kwake. Apo m'pamene ndinamvetsa za Lachiwiri lija kunyumba ya thonje, ndiponso za kadiresi kamene ndinakayamikira pa lole osawerenga zaka.

Bambo anavula chipewa n'kuwayandikira.

"Mayi," anatero, "kwezani maso. Papita zaka zisanu ndi zitatu."

A Mwanahawa anaima. Anatembenuka, anaika dzanja m'malere pafupi ndi chiuno chawo, pamene mutu wa Esha unkalekezera. Dzanjalo linayamba kukwera, linadutsa pachifuwa cha mtsikanayo, linadutsa paphewa, mpaka anachita kunyanyamphira kuti lifike pamutu. Anamufunsa m'Chiyao, ndipo bambo ndiwo anandimasulira.

"Mbuzi ija inalibe mwendo uti?"

Mtsikanayo anaganiza, milomo ikugwedera, ngati Chiyaocho akuchitunga pachitsime chakuya.

"Wakumbuyo. Mbali imene ndinkagona ine."

A Mwanahawa anakhala pansi pafumbi pomwepo. Kulira kwawo kunali kwa mitundu iwiri, ndipo ndinakumva konse: ankalira kuti apeza mwana, ankaliranso kamwana ka zaka zisanu kamene anakasunga zaka zonsezi, kamene tsopano kanali katapita ndithu. Esha anagwada, anatenga kadiresi kaja m'manja mwawo, anakanunkhiza, n'kukamanga kumutu ngati duku.

Sitima inanyamuka mbandakucha ndi ana ena onse amene makina sanawapezere munthu, ndipo amenewo ndimawaganizirabe. M'mawa mwake ndinamata kapepala katsopano pakompyuta ija, konena kuti usanadine chilichonse, yang'ana wotchi. Bambo anatulutsa makapu awiri pa tiyi, n'kundipatsa imodzi. Cha m'ma 8 ndinaima pakhonde la ofesi kuonerera awiri aja akupita kokwerera lole ya ku Mitande, atanyamulizana chitseko chobiriwira, wina kutsogolo wina kumbuyo. Chinkapendekera kwa mayi, chifukwa wamtali anali mwanayo.